Chimbuya cha Lighton

Lachiwiri m'mawa, cha m'ma 9 koloko, Philomena Sakala anasainira nyumba yake ya ku Chamboli, mu Kitwe, m'kaofesi ka pamwamba pa shopu ya matayala ku Parklands. Sanali kugulitsa ayi. Iye ankaganiza kuti akuibisa.

Amene anamugwirira pepala kuti lisasunthe anali Lighton Bwalya, Mbemba wa kutchalitchi kwawo, munthu wosaphonya maliro a anthu a Kum'mawa kwa Zambia. Ku migodi kuno Abemba ndi a Kum'mawa amatchulana mbuya. Ena akafedwa, enawo ndiwo amawaza nkhuni, kuphika, kuthira ofedwa ufa kumutu ndi kuwanyoza mpaka aseke, ndipo palibe amakwiya. Chimenecho ndicho chimbuya, ndipo Lighton anali katswiri wake.

Pa maliro a Stephen, mwamuna wa Philomena, Lighton ndiye anakachingamira abale ku siteshoni ya mabasi. M'njira anamva zimene Philomena anabisa kuyambira ali pasukulu: bambo ake sanali a ku Chipata monga ankanenera, anali a ku Mchinji, ku Malawi. Anabwera kudzakumba kopa iye asanabadwe.

Chaka chitatha, wailesi inayamba kukamba za lamulo la malo, kuti boma likufuna kumanga zolimba pa alendo ogula nyumba ndi mapuloti. Lighton anafika ndi buledi m'manja, nkhope ili ya pamaliro.

"Mbuya, mwamvela nyuzi? Manje mulendo sangankhale na nyumba. Bazayamba kufufuza na kwamene batate banu banachokela."

Philomena anati iye anabadwira mu Kitwe momwemo, ndipo nyumbayo Stephen anaigula kwa a mgodi ndi thukuta lake.

"Ise tiziba, mbuya. Koma kompyuta siziba chimbuya. Tiike mu zina yanga, mphepo ikapita nizakubwezelani."

Mantha a zaka zonsezo anamugwira Philomena. Sanafunse wansembe, sanaimbire ngakhale mwana wake Joy ku Lusaka, poti kufunsa kukanakhala kuulula. Anatulutsa taitolo ya nyumba pansi pa matiresi n'kumupatsa.

Mwezi usanathe, Lachinayi masana, Philomena pochokera kumsika anapeza mtengo wa mapeyala umene Stephen anabzala uli pansi. Amuna awiri ankaudula nthambi. Pageti panaima bambo wa suti yotuwa, dzina lake Caleb Ilunga, wa ku Congo, mwini malole odutsa pa malire a Kasumbalesa. Anafotokoza mwaulemu kuti nyumbayo wagula, ndipo madalaivala ake azigona m'menemo.

Philomena anafunsa kuti wagula kwa yani. Caleb anati kwa a Bwalya, ndipo idakali m'dzina la a Bwalya omwewo, chifukwa anamuuza kuti ndi lamulo latsopanoli mlendo sangalembetse nyumba m'dzina lake. Awiriwo anayang'anana. Bodza linali limodzi, Lighton anangolidya mbali zonse ziwiri.

Ku polisi nkhaniyo inagwera Sajeni Racheal Mutale, mayi wa maso ofiira ndi tulo, amene milandu ya mapuloti inali itamufika m'khosi. Anapita ku Parklands tsiku lomwelo. M'kaofesi muja anapezamo mpando umodzi ndi kalendala ya chaka chatha. Foni ya Lighton inali yozima, ndipo mkazi wake anati anapita ku Solwezi, kapena ku Mansa, sanamvetse bwino.

Sajeni anafunsa Philomena chimene chinamuchititsa kudziyesa mlendo. Philomena anayang'ana chitseko, n'kunong'ona za ku Mchinji. Sajeni anapempha chitupa chake cha unzika, nachitembenuza kawiri.

"Amai, reji yanu ni ya girini monga yanga. Ndimwe ba muno. Vamene bakamba pa wailesi ni va bantu bobwela na pasipoti kuzagula malo."

Philomena ankayembekeza kuti mtima upepuka, koma anangomva kutopa, kutopa kwa m'mafupa. Ndipo nyumba inali isanabwerere. Taitolo inali ndi Lighton, amene akanatha kuigulitsanso kwa wachitatu. Caleb anavomera kudikira mpaka kutha kwa mwezi, koma malole ake anayamba kale kugona pageti, mafuta akudontha pamene panali maluwa.

Masiku anapita. Sajeni analibe chatsopano, kupatula kuti akazi ena amasiye awiri anabweranso kudzadandaula za Lighton yemweyo, ndipo Philomena analeka kupita kumsika. Ankangokhala pakhonde ndi kawailesi ka Stephen, kumvera mauthenga a maliro ngati mmene amachitira anthu amene anzawo ambiri anatsogola. Lachisanu madzulo analengeza za Nicodemus Mbewe, wopuma pa ntchito ya mgodi, amene anamwalira ku Bwana Mkubwa, ku Ndola. Abale a ku Kitwe, a ku Chipata ndi a ku Kasungu adziwe.

Kasungu. Philomena anazimitsa wailesi, namanga chitenje, n'kupita ku polisi. Anauza Sajeni kuti akazi amasiye awiri aja awafunse kwawo kwa makolo awo, adzamva Malawi kapena Mozambique. Munthuyo sasaka anthu m'maofesi, amawasaka pa maliro, ndipo awa sangawaphonye.

Loweruka anakwera minibasi ya ku Ndola atatu: Philomena, Sajeni atavala chitenje ndi duku, ndi wapolisi wamwamuna wa zovala wamba. Anafika panyumba ya maliro cha m'ma 11 koloko, anthu atangobwera kumanda. Lighton analipo ndithu, mbale ya ufa ili m'manja, akuyeretsa mitu ya Angoni ofedwawo, anthu akuseka misozi ili m'maso. Atatha anakagwada pafupi ndi mkazi wa malemuyo n'kuyamba kumunong'oneza.

Wapolisi uja anamugwira dzanja n'kuliveka unyolo. Lighton anatembenuka, anaona Philomena, ndipo nkhope inagwa. Koma mutu wake unali wachangu.

"Onani Bangoni!" anakuwa akuseka. "Bamanga mbuya wao! Niomboleni, bane, bafuna ya mowa aba!"

Pabwalo ponse panagwa phwete. Pa chimbuya anthu amamangana ndithu, wina n'kuomboledwa ndi makobili. Abemba anzake anathamangira kudzamukoka, amayi ena anathira wapolisiyo ufa kumaso. Sajeni anatulutsa khadi lake la ntchito, koma wina anamuombera m'manja kuti seweroli walikonzekera bwino. Lighton ankasendera kugeti pang'onopang'ono, unyolo ukulendewera kudzanja limodzi.

Philomena anaona nyumba yake ikutuluka pageti limenelo. Pabwalopo panali anthu ambiri a ku Chamboli, a kwaya ndi a kumsika, amene anawabisira chinthu chimodzi moyo wake wonse. Anaimirira pakati pawo.

"Ichi si chimbuya," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anabwereza mokweza. "Ine atate anga anali a ku Mchinji, ku Malawi. Uyu anamva pa maliro a amuna anga, anandiopseza nazo, ananditengera nyumba. Amayi, inu wakuuzani chiyani pamenepo?"

Mkazi wa malemuyo anakweza mutu woyera ndi ufa.

"Akuti amuna anga anali mlendo. Akuti nyumba tiike m'dzina lake, boma lisanabwere."

Kuseka kunatha. Manja amene ankamukoka Lighton kuti amuombole sanamusiye, anangolimba. Sajeni anatseka unyolo kudzanja linalo, ndipo anachita kumutchinga ndi thupi lake kuti afike naye kumsewu ali wamoyo. M'chikwama cha Lighton munali mataitolo a nyumba zinayi. Ya Philomena inali pakati, yopindika pangodya.

Khoti la ku Kitwe linapatsa Lighton zaka zisanu akugwira ntchito yakalavulagaga. Caleb sanapeze kalikonse ka zimene analipira. Anachotsa malole ake, napepesa za mtengo uja, n'kubwerera ku Lubumbashi. Taitolo inakhala ku khoti ngati umboni mpaka mvula inayamba, kenako Philomena anakaitenga.

Tsiku limenelo Janeth, mnansi wake wa zaka makumi atatu, anamuitana pampanda. Philomena anadzikonzekeretsa, poti chichokereni ku Ndola ankadikira kuti wina ayambe kumutchula mlendo. Anaganiza zoyamba yekha, napepesa kuti anawanamiza nthawi yonseyi za ku Chipata.

"Va ku Mchinji?" anatero Janeth, akuyanika zovala. "Mayo, Chamboli yonse inali kuziba. Batate banu bakamwa benze kuimba va kwao mu msewu muno. Tenze kuona monga simufuna chabe kukambapo."

Philomena anapita kukakhala pa chitsa cha mapeyala, taitolo ili pamiyendo, ndipo anakhala pamenepo nthawi yaitali.