Kandodo ka Galimoto Yomaliza

Ananyamuka mochedwa, ndipo mlandu wonse unali wa wadiropu. Mmisiri anaikhomera m'chipinda momwemo zaka makumi awiri zapitazo, osaganiza kuti tsiku lina idzafuna kutuluka. Anaipendeka, inakana. Anaigoneka, inakana. Bambo anachotsa chitseko, kenako felemu, kenako njerwa ziwiri, amayi ali chilili pakhonde, manja m'chiuno.

"Ingogumulani nyumba yonse basi, tiikweze nayo palole," anatero amayi.

Lole yomwe imayenera kutuluka tambala woyamba inatuluka dzuwa lili paliwombo.

Naphuma sanatembenuke n'komwe kuti ayang'ane nyumba imene anabadwiramo. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake, poti ankati mwanayu anayamba kuthamanga asanakwawe. Anali atangolemba mayeso omaliza a sekondale, ndipo tawuni yakaleyo inali itamuthina ngati nsapato ya chaka chatha. Amayi ake, anamwino, anali atawasamutsira kuchipatala chaching'ono kumalire ena a dziko, ndipo ankayenera kuyamba ntchito mawa lake m'mawa. Kutsogolo kwa lole kunakhala adalaivala, bambo ndi amayi. Naphuma anasankha kumbuyo, pampando wa sofa womangidwa pakati pa firiji ndi matiresi.

Dziko kukula kwake! Sankadziwa. Minda inatha, kunabwera mapiri. Mapiri anatha, kunabwera chigwa choti maso amatopa asanafike kumapeto kwake. Ankajambula chilichonse mpaka foni inazima yokha. Kenako anangogona chagada n'kumamanga nyumba yatsopanoyo m'mutu: chipinda chake chokhala ndi zenera loyang'ana kumsewu, iye atakhala pazenerapo ndi buku, ndipo wina wake, wamtali, wodutsa panjinga, n'kukweza maso mwangozi. Nkhope ya munthuyo anali asanaimalize. Ankaisunga kuti akaimalizire komweko.

Bambo ake anali kondakitala wopuma. Msewu umenewu anauyenda zaka khumi ndi zinayi asanakwatire, ndipo masiteji ake onse anali nawo pamtima. Ankatulutsa mutu pazenera n'kumakuwa ngati kale: "Pachigayo! Pamjigo, otsika pamjigo! Amayi a nkhuku, konzekani!" Chigayocho chinali chitasanduka tchalitchi, koma iwo sizinawakhudze.

Chisisira chitagwa anafika pamphambano. Msewu watsopano unkakhotera kumanja. Wakale unkapita kumanzere, ndipo pakamwa pake panali migolo itatu yadzimbiri yodzaza miyala.

"Kumanzere," anatero bambo.

"Bwana, kwatsekedwatu uku," anatero adalaivala.

"Kutseka kwa anthu aulesi oiwala migolo yawo. Wakumanjawo ngozungulira phiri, maola awiri. Kuno n'pafupi: pamtengo wopindika, pamlatho wachitsulo, kenako chipatala. Ndingakuyendetseni nditatsinzina."

Amayi anati bola kuzungulira. Koma Naphuma anali atalumpha kale pansi. Maola awiri enanso? Mgolo woyamba anaugubuduza yekha.

Msewuwo unali wopapatiza, udzu utamera m'ming'alu ya phula, nthambi zikukwapula wadiropu. Atayenda ndithu, mdima utakhwima, kunamveka fungo la waya wopsa. Magetsi a lole anaphethira kawiri n'kuzima.

Adalaivala anasegula uku, kugogoda uko, kuunika ndi machesi mpaka bokosi linatha. Potembenukira panalibe, mbali zonse kunali ngalande. Aliyense ankadziwa zomwe amayi ankaganiza: tsiku loyamba pantchito, odwala pamzere, namwino kulibe.

"Njira ilipo," anatero adalaivala. "Tinkachita kale tikamanyamula matabwa. Wina avale choyera, aziyenda patsogolo pakatikati pa msewu. Ine ndizitsata choyeracho pang'onopang'ono. Akakhota, ndikhota. Akakweza manja onse awiri, ndiima. Koma woyendayo adziwe kuti maso anga ndi iyeyo. Pomwe waponda, matayala apondanso pomwepo."

Bondo la bambo linali lotupa. Amayi usiku saona bwino. Choyera chokhacho chopezeka msanga chinali yunifolomu ya amayi, yosita kale, yopachikidwa kuseri kwa mpando. Naphuma anaivala pamwamba pa zovala zake, inamufika m'akakolo.

"Ukakumana ndi mzukwa usaope, mwanawe," anaseka adalaivala. "Mzukwawo ndi umene uthawe ukakuona."

"Usaidetse," anatero amayi. Kenako motsitsa mawu, "Ndipo usathamange."

Anayamba kuyenda. Kumbuyo kwake injini inkang'ung'udza, ndipo zonse zomwe banja lawo linali nazo padziko zinkamutsata ngati ng'ombe yaikulu yomvera. Poyamba ankangoyang'ana pansi. Kenako anakweza maso, n'kutsala pang'ono kuiwala kupuma. M'tawuni nyenyezi ankaziwerenga. Kuno zinali zitakhuthukira thambo lonse, zina zothithikana ngati utsi, kutsika mpaka kunsonga za mitengo. Pansi napo ziphaniphani zinali mbuu m'maudzu, moti sankadziwa pomwe thambo lathera ndi pomwe dziko layambira. Anadzimva wamng'ono ngati kanyerere, koma mosangalatsa.

Anadutsa mtengo wopindika uja, uli pomwe bambo ananena. Msewu unayamba kutsetsereka. Kutsogolo, chapamwamba pang'ono, kunaoneka timagetsi titatu. Chipatala! Miyendo yake inafulumira yokha, ndipo injini nayo inakweza mawu.

Achule anasiya kulira.

Onse, nthawi imodzi.

Mphepo yozizira inamukhudza kumaso, yonunkhira dothi lonyowa, chonsecho mvula inali isanagwe miyezi inayi. Pakati pa msewu panali munthu.

Anali mayi wamfupi, wovala jombo zazikulu ndi chovala chonyezimira cha anthu okonza misewu. Madzi ankadontha kuchipewa chake. Dzanja lamanja linali m'mwamba, litagwira mbendera yofiira. Mdima wonsewo, koma kufiira kwake kunkaoneka bwinobwino, ngati khala lamoto.

"Zikomo, mayi," anatero Naphuma. "Tidutse nawo. Kumbuyoku kukubwera lole yopanda magetsi."

Mayiyo anamuyang'ana mwachifundo, ngati munthu wotopa kwambiri.

"Kandodo mwabwera nako?"

"Kandodo kanji?"

"Sikanafike. Ndiye simudutsa."

Injini inkayandikira. Naphuma anayesa kulambalala kumanja. Mbendera inali pomwepo. Anayesa kumanzere... pomwepo! Mayiyo sanasunthe phazi, koma mbendera inali paliponse.

"Mayi, chonde! Kwathu ndi uko, magetsi awo. Lole itigunda tonse!"

"Onse amatero," anatero mayiyo. "Kwawo n'pafupi. Imani."

Sanakalipe. Koma liwu lomalizalo linalowa m'mafupa. Naphuma anamva kutentha kwa injini kumsana. Manja ake anali olemera ngati si ake. Anawakoka. Anawakweza onse awiri.

Mabuleki analira! Katundu anagunda kutsogolo, china chake chinasweka, chitsulo cha lole chinamukankha pang'ono pamsana n'kuima.

Zii.

Kutsogolo kwake kunalibe munthu. Kunalibe mbendera. Kunali mdima wokhawokha, wakuda kuposa mdima wina wonse, wopanda chiphaniphani ngakhale chimodzi. Anagwada n'kupapasa phula ndi dzanja. Chikhato chimodzi... chachiwiri... chachitatu chinagwira mphepo.

Anatola mwala n'kuuponya. Anadikira. Anadikirabe. Kenako pansi, kutali kwambiri, kunamveka kuti thibu.

"Waimiranji, iwe Naphuma?" anakuwa bambo pazenera. "Pamlatho pomwepatu apa!"

Palibe anagona. Amayi anakumbatira Naphuma usiku wonse osafunsa za yunifolomu. Adalaivala analumbira kuti sanaone munthu wina aliyense kupatula choyera chija chikuvinavina, uku ndi uku, ngati chikukangana ndi mphepo. Kutayamba kucha anatsika onse n'kuima m'mphepete. Msewu unathera m'malere ngati wodulidwa ndi mpeni. Pansi penipeni zitsulo za mlatho zinali zitapindikana m'madzi, mitengo itamera pakati pake. Nkhungu inkakwera kuchokera m'phomphomo, dzuwa n'kuipaka golide. Kukongola kwake kunali kochititsa mantha. Bambo anavula chipewa. Tsiku lonselo sanatchule siteji ina iliyonse.

Anabwerera chafutambuyo mpaka pomwe anapeza potembenukira. Pamphambano paja Naphuma anatsika n'kubwezera migolo yonse itatu, manja mpaka kusupuka. Anafika kuchipatala dzuwa litakwera. Amayi anangosasa fumbi payunifolomu n'kuthamangira kwa odwala.

Nyumba inali yaing'ono, ya zipinda ziwiri. Makiyi anabweretsa ndi alonda a pachipatalapo, bambo wachikulire woyenda mokoka mwendo. Pothandiza kutsitsa matiresi anafunsa chomwe chinawachedwetsa, ndipo adalaivala anafotokoza zonse, akuseka kuseka kwa munthu amene sakufuna kulira. Alondawo anaika matiresi pansi. Anayang'ana Naphuma.

"Unaona ndani, mwanangu?"

Anawauza. Jombo, chipewa chodontha, mbendera.

"Ananena chiyani?"

"Amafunsa za kandodo."

Alonda anakhala pansi pakhonde, pafumbi pomwepo.

"Mayi ameneyo tinkagwira naye ntchito limodzi," anatero. "Mlatho uja ankaukonza, ndiye magalimoto ankadutsa mbali imodzi, mosinthana. Iye tsidya lija, ine tsidya lino, pakati pali khona, osaonana. Mawayilesi tinalibe. Tinali ndi kandodo. Ndikalola magalimoto anga, womaliza ndimamupatsa kandodoko akapereke tsidya linalo. Iye akakalandira, adziwa kuti njira yayera, atsitsa yofiira. Kakapanda kufika, satsitsa, olo kubwere ndani. Lamulo lake linali lomwelo basi."

Anapukuta kumaso.

"Usiku umenewo mvula inagwa yoopsa. Kandodo kanali kwa ine. Ndinamva chiphokoso, ndikathamangira pakhona, mlatho palibe. Ndinakuwa mpaka mawu kutha, koma madzi ankakuwa kuposa ine. Iye anaima chapatali, sankaona chomwe chachitika. Ankangodziwa kuti kandodo sikanabwere. Tsidya lakelo kunali mabasi awiri odzaza ndi galimoto yamaliro. Anamutukwana, anamulonjeza zinthu, wina anamuwaza matope. Sanatsitse. Dalaivala wa basi imodzi atayesa kumulambalala, iye anabwerera chafutambuyo, mbendera ili m'mwamba, kumutchinga, kumutchinga, mpaka kumapeto kwa phula. Basi inaima. Dothi lomwe iye anapondapo ndi lomwe linapita."

"Liti?" anafunsa Naphuma.

"Mvula ikubwerayi zikwana zaka khumi ndi chimodzi. Tinamupeza patatha masiku atatu. Mbendera sitinaipeze."

Anapisa dzanja m'thumba la jekete lamkati n'kutulutsa kamtengo kotalika ngati chikhato, kopaka utoto woyera womwe unali utasupuka chifukwa chogwiridwagwiridwa. Naphuma anakayang'ana. Anakumbukira maso otopa aja, ndi dzanja lija lili m'mwamba. Zaka khumi ndi chimodzi! Misozi inalengeza.

"Ndipatseni," anatero, ataimirira kale. "Ndikapereka ine usiku uno. Njira ndaidziwa. Mayi uja akapume, agogo, watopa!"

Alonda anakazunguza kandodoko m'manja nthawi yaitali.

"Ukuganiza kuti sindinapiteko? Kanayi konse. Ndimafika mpaka pamtengo wopindika, n'kumuona patali, dzanja lili m'mwamba. Ndimabwerera." Anakabwezera m'thumba n'kumanga batani. "Ndikamupatsa, atsitsa mbendera, mwanangu. Ndiye obwera pambuyo panu adzawaimitsa ndani?"