Galasi la Malemu Hudson

Madzulo amenewo Towera ankasenda nthochi za mbalagha, zophika pamodzi ndi nyama, pakhonde, mwamuna wake Manase akupala matabwa pansi pa mtengo wa mango. Unali mwezi wachitatu akulimbana ndi bokosi lomwelo la kamera. Anaphunzira kujambula zithunzi ku Mbeya, ndipo pobwerera kwawo ku Lupembe anangotenga diso la kamera lokha, atalikulunga mu sokosi. Zotsalazo ankati akhoma yekha. Koma bokosi lake linkalowetsa kuwala m'ming'alu, zithunzi n'kumatuluka zakuda bii. Chaka chimenecho anyamata ankalembetsa za ku Joni mwaunyinji, aliyense akufuna chithunzi cha pasipoti, ndipo onse ankakwera basi kukajambulitsa ku boma Manase akuona. Zinkamupweteka mtima kwabasi.

Kusanade kunafika Keziya, mkazi wa malemu Hudson amene kale ankajambula dera lonselo. Mayiyu ankakhala yekha, wopanda mwana ngakhale waganyu, koma munda wake wa mpunga unali waukulu ndi wopalirika kuposa wa aliyense. Anthu ankangoti ndi wolimbikira.

"Mukuvutikiranji ndi matabwa, a Manase?" anatero Keziya. "Kamera ya anzanu ikungodya fumbi kwanga. Katengeni, yaulere."

Mlendoyo atachoka, Towera anaika mpeni pansi.

"Yayi, bambo. Tsiku logawa katundu wa malemu, abale anatenga njinga, anatenga mpaka nsapato. Kamera anaidumpha onse. Simunadzifunse?"

"Sadziwa kujambula, basi."

"Malizani bokosi lanu. Lichedwe, koma ndi lanu."

Manase ndi mawu oti chaulere ankagwirizana kuyambira ali mwana. M'mawa mwake anabwera atasenza kamera ija: yamatabwa ofiira, zomangira zamkuwa, miyendo itatu ndi nsalu yake yakuda. Inali yokongola, tisaname.

Amene sanalowetsepo mutu m'nsalu ya wojambula adziwe ichi: pa galasi la kumbuyo kwa kamera chilichonse chimaoneka chozondoka, mutu pansi miyendo m'mwamba. Umenewo si ufiti, kamera zonse zazikulu zimatero. Chimene Manase sanachimvetse chinali fungo. Akangofunda nsaluyo ankamva thope la m'munda wa mpunga, lonyowa, lowawasa, chonsecho kunali chilimwe. Ndipo chapatali, ngati kuseri kwa khutu, makasu ankalira: kha, kha, kha. Akavundukula mutu, zii.

Sabata yoyamba anajambula anthu khumi ndi anayi, onse ozondoka bwinobwino. Wakhumi ndi chisanu anali Ambokile, mnyamata wamphamvu woweta ng'ombe za atate ake. Manase anayang'ana pa galasi. Mtengo wa mango unali wozondoka, mpando wozondoka, koma Ambokile anali chilili, mutu m'mwamba. Manase anatikita maso, n'kuganiza kuti ndi dzuwa. Anajambula.

Patapita masiku atatu Ambokile anagwa pakhomo pa khola, osadwala ngakhale mutu. Osambitsa maliro anati kumapazi kwake kunali thope lomwe linkakana kuchoka. Onyamula bokosi ananong'onezana kuti linkapepuka ngati muli thunthu la nthochi.

Wachiwiri anali Gideon Phiri, mphunzitsi wochokera ku Dedza, amene ankafuna chithunzi chotumizira chibwenzi chake. Nayenso anaoneka chilili. Apa Manase analibe chonamizira dzuwa. Koma kumbuyo kunali mzere wa anthu, ndipo anachita manyazi kunena. Anajambula. Lachinayi mphunzitsiyo anagwa choko chili m'manja.

Mphekesera zinayenda pachitsime, kuchigayo, mpaka pakhomo pa tchalitchi. Amayi ankakoka ana awo akamadutsa pa Manase. Wapampando wa chipani wa m'deralo anamuimitsa panjira, osapereka ndi moni womwe.

"Nkhani yanu ikafika ku boma, ine sindikudziwani."

Manase anasenza kamera kubwerera nayo kwa Keziya. Anamupeza akuanika mpunga, nkhokwe zitatu zili zodzaza kuseri kwa nyumba.

"Mama, tengani chinthu chanu."

"Ndinakupatsani anthu akuona. Ndi yanu."

"Anthu akutha!"

"Akutha?" Keziya anamwetulira. "Ine ndikuona ngati alipo."

Tsiku lomwelo Manase anathira palafini pa kamerayo kuseri kwa bafa. Matabwa analira ngati nkhuni zaziwisi, utsi wake ukununkha thope. Towera anaimba nyimbo ya kutchalitchi mpaka moto unazima, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mwezi wonse anadya ndi mtima umodzi.

Koma pali chimene Towera sanaone. Bokosi latsopano lija linkasowa galasi la kumbuyo. Kuti galasi wamba ligwire ntchito imeneyo umalikwecha ndi mchenga wosalala masiku angapo, ndipo Manase anali ataswa kale awiri. Ndiye asanathire palafini anamasula tizomangira tinayi, n'kulowetsa galasi la malemu m'thumba la jekete. Mumtima ankati choipa chili m'matabwa ndi m'nsalu, zimene zinamwa thukuta la mwini wake. Galasi ndi galasi. Munthu wouma manja amadziwa kudzitonthoza.

Anamata ming'alu yonse ndi phula, Towera n'kumusokera nsalu yatsopano. Bokosi linatheka, koma panalibe wobwera. Ndani akanayamba?

"Ndiyamba ine," anatero Towera Lamulungu atatuluka m'tchalitchi. "Aone kuti ili ndi la manja anu, mulibe kanthu ka munthu wina. Si choncho?"

"Ndi choncho," anayankha Manase, maso ali kumbali.

Anthu anaima patali, kuseri kwa mpanda wa chinangwa. Towera anavala chitenje chake chatsopano, nakhala pampando, manja pamaondo. Ankanyadira mwamuna wake, ndipo zinkaoneka pankhope.

Manase analowetsa mutu m'nsalu. Fungo la thope linamulandira. Kha, kha, kha, makasu aja, tsopano pafupi penipeni. Nyumba inali yozondoka, nkhuku yodutsa inali yozondoka. Towera anali chilili, akumwetulira. Kumbuyo kwake kunaima amuna atatu, nawonso chilili, matope mpaka m'maondo, makasu ali paphewa: Ambokile, mphunzitsi Phiri, ndi Hudson mwini wake, ataonda ngati bango.

"Mwatha, bambo?" anafunsa Towera. "Khosi lauma ine."

Manase anatulutsa mutu. Kumbuyo kwa mpando kunalibe munthu. Anakankha bokosi lija, linagwa, galasi n'kusweka pamwala.

"Sindinajambule!" anakuwa. "Nonse mwaona, diso sindinatsekule! Sindinajambule!"

Anthu anayang'anana, osamvetsa. Keziya yekha ndiye anatuluka pakati pawo, lichero latsopano lili m'manja. Anadutsa pa Manase ngati palibe munthu, nakaliika pamiyendo pa Towera mwaulemu.

"Musadzivute, a Manase, kuona kokha kumakwana," anatero motsitsa mawu. "Olima ndili nawo okwanira. Ndimasowa wopeta."

Towera anayang'ana lichero, kenako mwamuna wake.

"Bambo, mwaika chiyani m'bokosi muja?"

Maso a Manase anali pa mapazi a mkazi wake. Pabwalo pouma gwa, losesedwa m'mawa womwewo, thope lakuda linali litayamba kutuluka pakati pa zala zake.