Kandulo ya Amenan

Izi sindinachite kumva kwa munthu ayi. Ndinalipo, ndipo Rokia amene amaluka tsitsi mu saluni yanga ku Yopougon angakuuzeni zomwezi.

Ife ndi aja azamba anati ndi anyamata, koma tinakula tikudziwa kuti ndife akazi. Chaka chilichonse pa 20 Novembala timakhoma chitseko cha saluni dzuwa lisanalowe, n'kuyatsa kandulo ya mnzathu aliyense amene anaphedwa. Wina akatchula dzina, tonse timayankha kuti, "Alipo."

Chaka chatha makandulo anali asanu ndi awiri. Yomaliza inali ya Amenan, amene anamupeza m'ngalande kuseri kwa msika atamenyedwa moti tinamuzindikira ndi zibangiri. Abale ake anamumeta, n'kumuika m'manda atamuveka suti. Pamwala analembapo Kouassi, dzina limene iye analitaya kalekale. Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe.

Tsiku la makandulolo, ndisanakhome, kunatulukira mchimwene wake, Konan.

"Achimwene, mwasochera? Kometa ndevu ndi kutsidyako," anatero Rokia.

"Ndabwera kudzayatsa ya m'bale wanga."

Mtima wanga sunafune, koma ndinamulowetsa. Titafika pa kandulo yomaliza ndinamupatsa machesi. Anayatsa.

"Kouassi," anatero.

Palibe anayankha. Moto unazima.

Anayatsanso, n'kubwereza dzina lomwelo. Unazimanso. Mawindo anali otseka, kamphepo kalikonse panalibe. Kenaka m'nyumba monse munamveka fungo la mafuta a kokonati, aja Amenan ankadzola mpaka ife kumuseka kuti ntchentche zimuterereka. Chimwalirireni, palibe anatsegulapo botolo lake.

Kuseri kwa katani, kotsukira mitu, zibangiri zinalira. Ngwe. Ngwe.

Mpando umene Amenan ankakhalapo unatembenuka pang'onopang'ono. Unaloza Konan.

"Mayi," ananong'ona, "kuli ndani uko?"

"Mukumudziwa. Muitaneni bwino."

M'bokosi munatsala kamtengo kamodzi. Konan anaitananso.

"Amenan. Mlongo wanga."

Kandulo inayaka iye asanakhudze machesi. Tonse tinali kukamwa pululu, palibe anati "Alipo." Koma mawu anamveka, osasa pang'ono, a munthu amene wadikira nthawi yaitali.

"Ndilipo."

Pomwepo chitseko chachitsulo chinatseguka, kiyi ali m'kamisolo mwanga. Panja, amayi ogulitsa nsomba yokazinga ndi madalaivala a matakisi anasiya zonse n'kumatiyang'ana. Rokia anabisala kumbuyo kwanga. Anthu omwewo tinkawaopa.

Konan ananyamula kanduloyo, n'kukaima pakhonde.

"Uyu ndi mlongo wanga Amenan!" anakuwa. "Anamupha kuseri kwa msika uwu, inu mulipo!"

Mayi wina wansomba anavula mpango, n'kuphimba nawo kumaso.

Loko ndasintha kawiri. Masiku ena onse chitsekocho chimakhomeka bwinobwino. Koma dzulo linali 20 Novembala, ndipo chinakana kutsekeka ngakhale tinachikankha anthu anayi.

Mayina tinawatchulira pakhonde.