Makorali Ogwa ndi Namondwe

Sophia analowa m'galimoto osapereka moni. Mayi ake, a Lucia, anali atangoweruka kuchipatala china cha ku Indianapolis, ku America, komwe amachapa zofunda za odwala.

"Moni wathera kusukulu?" anafunsa.

"Pepani amayi. Akufuna kukansela ulendo wa ku Florida."

Chaka chathunthu Sophia ndi anzake a kalabu yosambira pansi pa madzi ankaphunzira m'dziwe la pasukulu, botolo la mpweya lili kumsana. Ankayembekezera kukaona sitima yomira kalekale ndi makorali, tamoyo tomwe timamanga matanthwe okongola pansi pa nyanja. Koma namondwe anali atadutsa kumeneko.

Sophia anaonetsa mayi ake vidiyo pafoni. Sitima inali itagona cham'mbali, theka litakwiririka mumchenga. Makorali anali mbwee, ena atagadabuzika.

"Tiffany, wapampando wathu, akuti kulibenso choona. Tivota mawa."

A Lucia anayang'anitsitsa. "Awa afa?"

"Aphunzitsi akuti ena akadali moyo. Koma akakhalitsa chogadabuzika, afa."

"Nanga mukulira chiyani? Ine sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma ndalimapo ku Ntcheu. Chimanga chikagwa ndi mphepo sukhala m'nyumba n'kumadandaula. Umalawirira kumunda, kuchidzutsa phesi limodzilimodzi, n'kuunjikira dothi patsinde. Iwe umafuna kukangoonerera munda wa eni?"

Atafika kunyumba, Sophia analembera kalata gulu losamalira makorali la kumeneko. Yankho linabwera tsiku lomwelo: ntchito yodzutsa makorali inali itayamba kale, koma manja anali ochepa.

M'mawa mwake anaimirira pamaso pa anzake. Anafotokoza m'Chingerezi za chimanga cha ku Ntcheu. Ena anaseka.

"Ndiye tipite mpaka ku Florida kukalima?" anatero Tiffany.

"Eya, kukalima," anayankha Sophia, n'kuwawerengera yankho lija.

Manja asanu ndi awiri anakwera. Asanu anakana, kuphatikizapo Tiffany.

Patatha masabata awiri anali pansi pa nyanja. Madzi anali akadali a mbuu, ndipo kusitima anawaletsa kuyandikira chifukwa zitsulo zinali zitasweka. Ankagwira ntchito awiriawiri motsogozedwa ndi akatswiri: wina kudzutsa korali, mnzake kumata simenti patsinde. Akatswiriwo anaika Sophia pamodzi ndi Tiffany.

Korali lawo lachinayi linali lalikulu ngati mtondo. Analimbana nalo mpaka linaima. Asanachotse n'komwe manja, kansomba kachikasu kanatulukira n'kulowa pakati pa nthambi zake ngati mwini nyumba.

Atakwera m'boti, Tiffany anavula magalasi osambirira akupuma mwawefuwefu. Kenako anatembenukira kwa mphunzitsi.

"Kumanzere kuja atsala asanu ndi limodzi. Mawa boti likunyamuka nthawi yanji?"