Njala ya Injini ya Aniceto

Umphawi wa Aniceto unali wochititsa manyazi chifukwa unali ndi matayala. Anali ndi kapikapu kakalekale ka dizilo, ndipo ntchito yake inali kukoka magalimoto ofera pa msewu wa Moatize ndi Zobue, koma kawirikawiri wokokedwa ankakhala iyeyo. Zinali zaka zimene malasha anadzaza Moatize ndi malole, fumbi ndi ndalama. Anzake amene anabwerera nawo kuchokera ku Malawi nkhondo itatha ankakhoma malata ku dera la 25 de Setembro, iye akugonabe m'nyumba yodontha ndi mkazi wake Fatinha ndi kamwana kawo Ivânia.

Chimene chinkamudya mtima chinali pikapu ya Taibo, mwini golosale wina, yatsopano, ya injini yaikulu yokwera mtunda ikukoka lole osatsokomola. Taibo anagulitsa mchere ndi sopo zaka khumi ndi zisanu kuti aigule, koma nsanje siwerenga zaka. Tsiku lina Aniceto analephera kukweza lole pa mtunda wa ku Musakama. Taibo anafika n'kukoka zonse ziwiri, lole ndi kapikapu komwe, amayi ogulitsa mbatata akuwomba m'manja. Mawa lake Aniceto analunjika kuseri kwa msika wa Zobue, kwa a Firmino, nkhalamba imene inasiya udalaivala n'kuyamba kukhwimitsa anthu.

"Ukufuna chuma kapena mphamvu?" anafunsa a Firmino osamuyang'ana.

"Zonse, madala. Galimoto yanga ikoke chilichonse."

"Ikoka. Koma chokoka chimadya. Umatani injini ikalowa mpweya n'kuzima?"

"Timazula paipi n'kuyamwa ndi pakamwa mpaka dizilo atabwera."

"Eya. Tsiku limene idzazime yokha dizilo ali tho, udzadziwe kuti yamva njala. Usadzayamwe wekha, ndipo waganyu sindikumufuna. Adzayamwe wa magazi ako, woti pa maliro ake anthu azidzakugwira iwe mapewa. Dzuwa la tsikulo sadzaliona likulowa."

"Nanga mbuzi siingachite?" anafunsa Aniceto.

A Firmino anaseka, mano atatu okha ali poyera. "Unayamba waona mbuzi ikuyamwa paipi? Khomo ndi ilo, mwana wanga. Walira mvula walira matope."

Khomolo Aniceto analiyang'anadi, koma anakumbukira kuwomba m'manja kwa amayi a mbatata. A Firmino anamutema mphini m'manja, magaziwo anawasakaniza ndi oyilo wakuda m'kanyanga, n'kukamangirira ndi waya pansi pa injini.

Kuyambira pamenepo kapikapu kaja kanasanduka chilombo. Kankakoka lole yodzaza malasha kuchokera m'dzenje, unyolo uli nga, utsi wakuda uli tolo. Makampani a migodi anayamba kuitana Aniceto yekha. Miyezi isanu ndi itatu itatha, chakumasana akukoka lole, injini inazima pa msewu wosalala, thanki ili yodzaza. Pambali pake panali mng'ono wake Luciano, amene ankayenda naye pa ntchito.

"Yalowa mpweya, achimwene. Ndiyamwe?" anatero Luciano.

Aniceto akanatha kukana. Ndikunena izi chifukwa ena amamuikira kumbuyo kuti sankadziwa. Ankadziwa bwinobwino. Anangoti, "Yamwa, ine m'kamwa muli zilonda."

Luciano anayamwa, n'kulavula, n'kuseka. Injini inalira. Asanayende makilomita awiri unyolo unaduka pokoka, Luciano ataimirira kumbuyo kwa pikapu kuyang'anira lole. Unamukwapula pakhosi ndi mphamvu yoti mutu unatsala ukulendewera ndi khungu. Pa maliro anthu anamugwiradi Aniceto mapewa, ndipo chaka chisanathe anamanga nyumba ya mpanda ndi galaja ya amakaniko asanu.

Patapita zaka zinayi inazimanso. Ulendo uno anali atanyamula malume ake, a Moisés, amene anamubereka kumsana pothawa nkhondo, pamodzi ndi matumba awo a chimanga, kupita nawo ku chigayo. Nkhalambayo inatsamwa ndi dizilo poyamwa paipi, iye akuisisita pamsana. Potsitsa matumba, pikapu inabwerera m'mbuyo yokha n'kuwapanikiza ku khoma la chigayo, nthiti zinamveka kuthyoka mpaka kumsewu.

Tsopano abale anali atatha, kunatsala Ivânia. Mtsikanayu anakulira m'galaja, masipanala ankawadziwa kuposa mithiko, ndipo anali atayamba sukulu ya unamwino ku Tete. Aniceto ankamukonda kwambiri, ndipo chikondicho chinasanduka mantha. Anamuletsa kukhudza pikapuyo. Fatinha atafunsa chifukwa chake, anamumenya mbama yotupitsa diso. Kenako anathamangira ku Zobue.

"Madala, chotsani chinthu chanu. Nyumba ndikupatsani, galaja yomwe."

"Njerwa ndizidya?" anayankha a Firmino. "Ukagulitsa pikapuyo, idzazima kwa wogulayo, njala n'kubwera kunyumba kwako. Ukaimika, idzalira yokha. Iwe uzingoyendetsa."

Tsiku lina la mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, foni inalira. Anali Ivânia. Minibasi imene anakwera popita kukaona mnzake ku Zobue inali itafera pa phiri, kutali ndi midzi. Pikapu zina za pagalaja zinali kumigodi, panatsala yakale ija. Aniceto anadziuza kuti zaka zadutsa isanazime, singasankhe lero.

Anafika, anamanga unyolo, n'kuuza mwana wake kuti akhale m'minibasi momwemo. Atakwera theka la phiri, injini inangoti zii. Anayang'ana geji, dizilo anali tho. Thukuta linamutsika mpaka m'nsapato.

"Aliyense asakhudze galimoto iyi!" anakuwa. "Ndikuitana ina."

Pamalopo foni sinkagwira, choncho anakwera kachulu kali chapatali. Anaimbira Taibo, munthu amene anali asanamupatse moni zaka khumi. M'minibasi munali mayi wina amene khanda lake linali litalefuka ndi kutentha, likungotembenuza maso. Ivânia analigwira pamphumi, anatsika, n'kutsegula boneti. Ntchitoyo anaionera kambirimbiri kwa amakaniko a bambo ake. Anazula paipi, anayamwa, analavula, n'kuuza dalaivala wa minibasi kuti apotokole kiyi.

Aniceto anamva kulira kwa injini ali pachulu. Anatsika akugwa ndi kudzuka, ndipo anapeza mwana wake akupukuta pakamwa ndi nsalu.

"Yatheka, Papa. Unali mpweya chabe. Tiyeni, khandali lifa."

"Wachita chiyani iwe!" Anamugwira tsitsi n'kumukhwekhwereza kutsidya kwa msewu, kutali ndi unyolo, kutali ndi matayala, n'kumukankhira pansi pa mtengo. "Khala pompo! Ukasuntha ndikuthyola miyendo!"

Anazula kiyi, koma injini siinazime. Inayamba kumwa oyilo wake womwe, kulira kukukwererakwerera, utsi woyera ukuphimba msewu. Anthu anatuluka m'minibasi pa mawindo n'kuthawira m'tchire. Aniceto anatenga hamala yaikulu n'kuyamba kuiphwanya, akutukwana a Firmino, akuitana Luciano ndi a Moisés. Mapaipi anaphulika, madzi otentha anamusupula nkhope, iye osasiya. Kenako injini inang'ambika ndi mkokomo womveka phiri lonse, zitsulo zili mbwee.

Utsi utachepa anaona kuti iye ali moyo, ndipo anaseka poganiza kuti wapambana. Anatembenukira kumtengo. Ivânia anali pomwe anamukhazika, sanasunthe, monga analamulidwira. Chitsulo chachitali ngati dzanja chinali chitamulowa pachifuwa mpaka kukhomerera m'thunthu la mtengowo, ndipo pakamwa pake pankatuluka magazi onunkha dizilo.

Fatinha anamva zonse pa maliro, chifukwa mwamuna wake anaulula yekha mokuwa pamaso pa anthu. Anabwerera kwawo osatenga ngakhale supuni. Galaja inatsekedwa, ndipo nyumba ija palibe wofuna kugonamo.

Mukadzafika pa malire a Zobue mudzaona munthu wa zipsera kumaso akuzungulira malole oyembekezera mapepala. Sapempha ndalama kapena chakudya. Amagwada pa thanki n'kudandaulira madalaivala kuti, "Patarau, bwana wanga, ndiyamwe ine, ndiyamwe ine, mwanayo mumusiye." Ena amamuponya miyala, ena amangoyang'ana kumbali.

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Chuma cha mankhwala sichidya mlendo, chimadya a m'nyumba mwako mmodzimmodzi, ndipo iwe chimakusiya wamoyo kuti uwakwirire. Dyera likakunong'onezani njira yachidule, bola kukankha galimoto yanu yakufa ndi manja, ana anu akukuthandizani.