Mkaka wa Mayi Aang'ono

Chipinda cha Namwino chinali pamwamba pa shopu ya nsapato. Masitepe ake anali achitsulo, ndipo ankalira munthu akamakwera. Pachitseko panalembedwa kuti: Uphungu wa Kuyamwitsa.

Anthu ankamutchulabe Anamwino, ngakhale anali atasiya ntchito kuchipatala n'kutsegula pakepake.

M'mawa wina masitepewo analira mwachilendo, zitsulo zikuombana. Analowa mwamuna wamtali, dzanja lina bokosi la zipangizo, dzanja lina khanda lokulungidwa m'thawulo. Kumbuyo kwake kunali mayi wachitsikana, maso ali pansi.

"Ngati ndi za magetsi, sindinaitane munthu," anatero Namwino.

"Magetsi anu ali bwino. Amene sali bwino ndi uyu."

"Mayi ake ndi awa?"

Mwamunayo anatula bokosi lija. "Mayi ake tinawaika m'manda mwezi watha. Awa ndi ang'ono awo. Alamu anga."

Namwino analandira mwanayo n'kumuika pasikelo. Kamnyamata kopepuka, dzina lake Kabwana, khungu lili makwinya. Mkaka wam'chitini unkamutsegula m'mimba.

"Ndinamva kuti mayi amene sanabereke mwanayo atha kumuyamwitsa," anatero mwamunayo. "N'zoona, kapena anthu amangonditonthoza?"

"N'zoona. Koma woyankha si inu." Namwino anatembenukira kwa mtsikana uja. "Mayi aang'ono, inuyo mukufuna?"

"Wanga anasiya kuyamwa kalekale, pano amapita yekha kusukulu. Munauma muno." Anapukuta maso. "Koma ndi mwana wa akulu anga."

Anayamba ndi kuyezetsa magazi. Kenako Namwino anamata kapayipi kakang'ono pabere la Mayi aang'ono, mbali inayo ili m'kapu ya mkaka wina wosavuta m'mimba. Mwana akamayamwa ankapeza kanthu, ndipo bere linkaphunzira kuti likufunidwa.

Potuluka, Namwino anaimitsa bambo uja pakhomo.

"Pali ntchito yanunso. Mayi akakhala ndi nkhawa, mkaka umakana kutsika. Musawakhumudwitse. Muziwasangalatsa."

"Ndamva," anayankha.

Lachinayi lililonse ankabwera. Amagetsi, monga ankawatchulira amayi a shopu ya nsapato, ankasiya mlamu wawo ndi mwana, n'kupita kuntchito, n'kudzawatenga. Koma anali munthu wa mafunso.

"Chidolechi n'chachiyani?"

"Chophunzitsira kanyamulidwe ka mwana."

"Nanga mumadziwa bwanji kuti wakhuta, poti bere lilibe mita?"

Namwino anaseka. Amuna ambiri ankathera pamasitepe, akusewera ndi foni. Uyu ankafuna kudziwa chifukwa chake mwana amakunga zibakera akakhala ndi njala, chifukwa chake amagona ali kubere, chifukwa chake Namwino anasiya ntchito yodalirika n'kudzakhala yekha pamwamba pa nsapato.

"Kuchipatala mayi ndinkamuona kamodzi, mothamanga. Kuno ndimamuona mpaka mwana atanenepa."

"Nanga inu amakuonani ndani?"

Namwino anayamba kukonza mapilo. Koma funsolo linamutsatira mpaka kunyumba.

Amagetsi anakonza soketi ya makina okamira mkaka. Anakonza getsi lomwe linkaphethira. Zowonongeka zitatha, anabwera ndi babu latsopano n'kuchotsa lomwe linali bwinobwino.

"Limenelotu limayaka," anatero Namwino.

"Ndikudziwa. Ndiye ndinene kuti ndabwerera chiyani?"

Madzulo ake foni ya Namwino inalira. Unali uthenga wa Amagetsi.

"Nyali yanga, wafika bwino? Chimwalirire mkazi wanga ndinkayenda mumdima. Lero ndaseka."

Namwino anawerenga uthengawo ataimirira, n'kuuwerenganso atakhala pansi. Mwamuna wa maliro aawisi! Bambo wa mwana amene ankamuthandiza! Kodi nzeru zake zinali zitapita kuti?

Anayankha: "Ndafika. Kabwana wayamwa?"

"Wayamwa. Bambo ake ndi amene sanakhute kukuona."

Mkaka wa Mayi aang'ono unabwera. Poyamba timadontho, kenako wokwanira. Kapayipi kaja anakachotsa. Kabwana anatuluka masaya, ndipo sikelo inayamba kunena zabwino.

Chikondi nachonso chinakula, koma mobisa. Ankakumana pamalo okwerera basi, n'kulola mabasi awadutse.

"Tidzabisa mpaka liti?" anafunsa Namwino tsiku lina.

"Wapamtima, achibale a malemu akadali ndi chisoni. Ndimvere. Kabwana akangosiya kuyamwa, ndidzakuveka mphete anthu onse akuona."

"Ukulonjeza?"

"Ndikulonjeza. Ndilibe wina, nyali yanga."

Kumapeto kwa chaka chilichonse Namwino ankatseka tsiku limodzi. Ankachapa nsalu za mapilo, kuwiritsa mabotolo, kupukuta sikelo, kwinaku akuganizira za chaka chonsecho.

Chaka chimenecho chinamuphunzitsa zambiri. Apongozi akabwera ndi mayi, uyambe wapatsa mpando apongoziwo, apo ayi uphungu wako ukathera pageti. Mayi akati zonse zili bwino, uyang'ane mmene wakhalira pampando. Anthu ena ankakwerabe masitepe kudzafunsa ngati amagulitsa mkaka. Kugwira ntchito wekha n'kokoma, koma ukakumana ndi chodabwitsa ulibe mnzako woti um'funse.

Ndipo chodabwitsa chinalipo. Chinali cha Mayi aang'ono.

Mtsikanayo anali atatsala pang'ono kubwerera kuntchito yake yosoka, ndiye ankaphunzira kukama mkaka wosiyira mwana. Pamakina ankavutika. Namwino anayesa nsalu yofunda, anayesa kumusisita msana, anayesa kumununkhiza kamalaya ka Kabwana. Madontho okha. Koma chakumapeto, mwadzidzidzi, mkaka unkangoti waa, botolo n'kudzaza.

Poyamba ankaganiza kuti thupi lake limangochedwa. Koma Lachinayi lina unatsika atangoyamba, lina unachedwa mpaka Namwino anatsala pang'ono kuzimitsa makina. Chinkautsitsa n'chiyani? Akanachidziwa, bwenzi akuthandiza nacho amayi ena ambiri.

"Chaka chikubwerachi ndichipeza," anadziuza yekha, akuyanika nsalu pawindo.

Lachinayi loyamba la chaka chatsopano, sanachite china chilichonse. Anangokhala pampando n'kumayang'ana.

Kabwana anali m'tulo pamphasa. Makina ankalira pang'onopang'ono. Botolo linali ndi timadontho pansi. Panja galimoto inaimba belu. Palibe chinachitika. Amayi a shopu anakuwira kasitomala. Palibe.

Kenako masitepe analira, zitsulo zikuombana m'bokosi.

Mapewa a Mayi aang'ono anatsika. Nkhope yake inawala. Mkaka unathamangira m'botolo, ndipo mbali inayo bulauzi inanyowa.

Namwino anayang'ana botolo, n'kuyang'ana chitseko.

"Odi!"

"Tadikirani panja, sitinamalize," anatero Namwino. Mawu ake anatuluka bwinobwino, iye mwini anadabwa.

Mayi aang'ono anabisa nkhope m'dzanja, akuseka. "Mwaona eti? Musandiseke, Anamwino."

"Sindikuseka. Zimachitika nthawi zonse?"

"Ngakhale kunyumba. Ndikangomva bokosi lawolo pageti, basi." Anatsitsa mawu. "Ndikuuzeni chinsinsi? Inu muli ngati akulu anga tsopano."

Namwino anagwira m'mphepete mwa mpando. "Nenani."

"Alamu anandifunsira. Akuti tisauze anthu kaye. Akuti, 'Kabwana akangosiya kuyamwa, ndidzakuveka mphete anthu onse akuona.'"

Makina ankalirabe. Botolo linkadzaza.

"Anayamba liti?"

"Titangoyamba kubwera kuno. Nthawi ija ndinkangolira, mkaka osabwera, ndikufuna kubwerera kwa amayi. Anandigwira dzanja n'kunena kuti ndisapite, ndine nyali ya m'nyumbamo." Anayang'ana Namwino. "Mwakhala chete. N'zolakwika?"

"Inu simunalakwe." Namwino anazimitsa makina, n'kutseka botolo. "Tengani mwana mukandidikire kushopu pansipa. Ndili ndi mawu ndi bambo ake."

Amagetsi analowa akumwetulira. Atangotseka chitseko anatambasula manja.

"Nyali yanga, chaka chabwino!"

"Khalani pansi."

"Iii, lero ndine 'inu'?"

"M'nyumba mwanu muli nyali zingati?"

Kumwetulira kuja kunatha. Anakhala pampando wa amayi oyamwitsa, pilo ali kumsana, manja ali pakati pa mawondo.

"Wakuuza."

"Thupi lawo ndi limene layamba kundiuza."

"Unanena wekha," anatero mwamunayo. "Unati ndizimusangalatsa."

"Ndinkanena kuchapa matewera! Kuwaphikira, kunyamula mwana kuti agoneko! Sindinati muwalonjeze banja!"

"Zonsezo ndinachita. Analongedzabe chikwama. Mwana anali atatsala mafupa, iwe unamuona. Ndinaika mayi ake m'manda, ndiye ndiikenso iye? Ndinanena mawu amene anamukhazika. Sabata yomweyo mkaka unayamba."

"Nanga mwana akasiya kuyamwa?"

"Ndidzamuuza bwinobwino. Amene ndimamukonda ndiwe. Pirira pang'ono, wapamtima. Miyezi yochepa yokha."

"Ndiye ine ndizikhala pano Lachinayi lililonse, ndikuwasisita msana, akundiuza za mphete yawo?"

Mwamunayo anaweramitsa mutu.

Namwino anamuyang'ana. Mkwiyo unalipo, koma panalinso funso, ndipo iye sankatha kusiya funso.

"Ndiuzeni chinthu chimodzi. Ndikungofuna kudziwa. Mukamawauza mawu amenewo, mumamva chiyani?"

"Poyamba sindinkamva kanthu."

"Pano?"

Amagetsi anayang'ana sikelo. Anayang'ana chidole.

Apa m'pamene mtima wa Namwino unasweka. Bodza akanatha kulimvetsa. Koma munthuyu sankadziwa n'komwe kuti akunamiza uti!

"Chabwino," anatero. "Ine ndachokapo. Kwatsala iwowo. Mukawauze zonse, za ine zomwe."

"Ukufuna kupha mwana wanga? Akamva, mkaka uuma!"

"Suuma. Umabisala masiku angapo, n'kubwerera. Imeneyo ndi ntchito yanga, isiyireni ine. Lachinayi akabwera asakudziwa, ndiwauza ndekha."

"Nyali..."

"Tengani bokosi lanu."

Sabata imeneyo mauthenga anabwera ambiri. "Ndikhululukire." "Sindikudya." "Ndiyankhe ngakhale liwu limodzi, wapamtima." Namwino ankawawerenga pakati pa mayi wina ndi mnzake, n'kukasamba kumaso, n'kuitana wotsatira. Sanayankhe ngakhale umodzi.

Koma mantha anali nawo. Nanga mtsikanayo akalongedza chikwama? Nanga akapita n'kusiya Kabwana? Iye anali atanena molimba mtima kuti mkaka umabwerera. Umabwerera ngati mayi alipo!

Lachinayi linafika. Nthawi yawo inakwana, n'kudutsa. Namwino anakonza mapilo amene anali okonza kale.

Chitseko chinatseguka popanda odi.

Mayi aang'ono anali yekha, mwana ali kumsana, maso otupa. Sanapereke moni. Anaima pakati pa chipinda.

"Andiuza."

"Pepani."

"Musandipepese! Ine ndikukuuzani zamumtima, ndikukutchulani akulu anga, inu muli phee!"

"Ndinamva tsiku lomwelo, pakamwa panu. Zanu sindinkazidziwa. Koma zanga ndinakubisirani, zimenezo n'zoona."

"Ndasamuka. Ndili kwa amayi."

"Mwana?"

"Si uyu? Mumati ndimusiyira ndani, munthu woti sadziwa chimene akufuna?" Anakonza nsalu yoberekera mwana. "Koma kuyambira dzana mulibe kanthu muno. Akungolira. Ndabwera chifukwa cha iyeyu, osati inu. Ndipo ndakwera ndi mawu anga okonzeka, ndikufuna ndikutukwaneni."

"Tukwanani," anatero Namwino, akukoka mpando. "Koma mwana akhale kubere."

Mtsikanayo anamuyang'ana ngati wamisala. Kenako anamasula nsalu, nakhala pansi. Namwino anamuikira pilo pansi pa chigongono, n'kukonza mutu wa Kabwana. Mwanayo anagwira bere, n'kulisiya, n'kulira. Anamubwezera. Anagwiranso.

"Munthu wamkulu ngati inu," anayamba Mayi aang'ono. "Wophunzira! Kunamizidwa ndi babu!"

"Pitirizani."

"Ine bola, ndinali m'nyumba momwemo, ndikumuona akulira. Inu munalibe maso? Mumaona zonse za anthu ena, zanu ayi?"

"Zanga ayi."

"Ndipo musaganize kuti ndakukhululukirani. Mwina chaka chamawa. Mwinanso ayi." Misozi inkagwera pamutu pa mwana. Anaipukuta ndi chala. "Inu munalira?"

"Ndikulirabe."

"Zikukhaleni."

Anapuma mozama, ngati munthu amene watula katundu. Mapewa ake anatsika pang'ono.

Namwino anakweza dzanja.

"Chiyani? Sindinamalize!"

"Mumaliza. Tamverani kaye."

M'chipindamo munali zii. Kenako kanamveka kaphokoso kakang'ono pakhosi pa Kabwana, n'kumvekanso, n'kumvekanso.

"Akumeza," anatero Namwino.