Njerwa za Malemu Teófilo

Khoma la shikola yakale ya kumudzi kwathu, kuseri kwa Kambulatsitsi, linayamba kufupika lokha. Dzulo likufika m'phewa, lero m'chiuno. Anali masiku aja a kampani ya malasha atatiuza kuti tisamukira kutsidya kwa dambo, ndipo akatapila abwera kudzasalaza zonse.

Milomo ya anthu inagwera pa mphunzitsi Arlete, poti nyumba yake inayang'anana ndi bwinjalo. Kuchitsime ankanong'ona kuti akugulitsa njerwa kwa omanga a ku Moatize. Mai Graça, amene khutu lawo limamva ndi za m'mphika wovundikira, analumbira kuti mtsikanayo ali ndi ndondocha zomunyamulira. Makolo anayamba kuletsa ana kupita kwa iye.

Chonsecho mwiniwake tulo sankatiwona. Mdima ukangoti bii, chitsulo cha njanji chopachikidwa pa mbawa, belu la nthawi ya Apwitikizi, chinkalira kamodzi, ngwee, motsitsa ngati wochimenya akuopa kudzutsa munthu. Kenako kukanda, kwe kwe kwe, ndi mapazi okhwekhwereza kulowera kudambo. Agalu osauwa. Tsiku lina Arlete anamva mawu okalamba, onjenjemera, akuimba a, e, i, o, u, tsitsi lake n'kuima.

Atatsala ndi kalasi ya mabenchi okhaokha, Arlete anamanga chitenje, nakabisala kuseri kwa mbawa. Chitsulo chinalira pamwamba pa mutu wake penipeni. Mumdimamo munatuluka zithunzi zowerama, zikupapasa khoma ngati akhungu.

"Iyi si yako, Rebeca, chala chako sichinali chonenepa chonchi."

"Choka iwe Policarpo! Unkalephera kuumba, unkangodya dothi."

Arlete anayatsa tochi. Nkhalamba za m'mudzi, zina ndi mitolo ya njerwa pamutu!

"Agogo, mwandiphetsa ndi mbiri ya ufiti, kani ndinu?"

"Zimitsa, mwanawe, adzukulu angatiseke," anatero a Policarpo. "Sitikuba. Pano panali chisakasa cha udzu, mvula ikagwa maphunziro atha. Boma la atsamunda silinatipatse ngakhale msomali. Bambo mfumu ankangobwera kudzationa tikulima munda wa mishoni. Tinaumba tokha njerwazi tili ana, manja atatupa ndi palamatoliya, kathabwa kotimenyera m'manja, ndipo aliyense ankadinda chala chake pa njerwa yake isanaume. Kalasi yachitatu inabwera pano chifukwa cha khomali. Ndiye lidyedwe ndi katapila?"

Anamutenga Arlete mpaka kumalo atsopano. Kumeneko njerwa zinali zitasanjidwa milumilu, aliyense wake, kudikira kumanga kalasi. Mtsikanayo misozi inalengeza, a Rebeca akumusisita pamsana. "Mawa tikakuyeretsa pamaso pa onse. Graça akameza lilime."

Tochi inagwera pa mulu wina kumapeto, wosanjidwa bwino kuposa yonse. Njerwa zake zinali ndi chidindo cha dzanja lathunthu, koma la zala zinayi.

"Za Teófilo izi," ananong'ona a Rebeca. "Uja anadulidwa chala ndi khasu m'munda wa mishoni. Wanyamula ndani?"

Onse anayang'anana. Teófilo anamwalira kothawa nkhondo ku Malawi, ndipo manda ake ali komweko.

"Nanga belu amaimba ndani?" anafunsa Arlete.

"Ife timayesa ndiwe, mphunzitsi."

Kubwinja kuja tsidya lina la dambo, kumene kunalibe munthu, chitsulo chinalira, ngwee.

A Policarpo anavula chipewa, chifuwa n'kuchitulutsa ngati tambala.

"Ameneyo ndi wa kalasi yathu," anatero. "Ankafika woyamba kudzaimba belu, ndipo sanajombepo."

Kalasiyo inamangidwa, ana anabwerera kwa Arlete. Njerwa za zala zinayi anaziika pakhomo, ndipo Mai Graça akamadutsapo amapereka moni.